Chopereka chathu chikuthera m'matayala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera pa tsamba lanu lino pa nkhani imene ambiri aife timaiona ngati ya madalaivala ndi amakaniko okha, chikhalirecho ndalama zake zimachoka m'matumba mwa ife anthu a kumudzi. Ndikunena za matayala a galimoto, makamaka galimoto za mipingo, za sukulu za mishoni ndi za matola zimene timakwera tsiku ndi tsiku.

Kumudzi kuno galimoto ya abusa kapena ya bambo mfumu si ya iwo okha ayi. Ndiyo imathamangira ndi mayi wapakati kuchipatala pakati pa usiku, ndiyo imakatenga maliro, ndiyo imanyamula amvano ndi akwaya popita ku misonkhano, ndiyonso imatuta chimanga cha masika. Tsono tayala likatha msanga, amene amasonkha ndi gogo uja wagulitsa nkhuku yake kuti apereke pa pepa sande. Likaphulika pa mtsetse wa Chiweta kapena potsika ku Golomoti, amene ali kumbuyo kwa galimotoyo ndi ana athu omwe. Nchifukwa chake ndati nkhaniyi ndi yathu, ndipo ndikupempha atsogoleri a mipingo amene amawerenga tsamba lino kuti aimve mofatsa.

Matayala timachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ngakhale mitengo ya mphira ilipo ndithu ku Vizara ku Nkhata Bay. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya matayala idakwera nayo limodzi. Kuchokera apo makomiti ambiri a mipingo akamva mtengo wa tayala latsopano amangogwira pakamwa, nkutuma dalaivala kuti akafune "la kaunjika looneka bwino." Sindikuwanyoza, umphawi ndikuudziwa, penshoni ya mphunzitsi nayo mukuidziwa. Koma ndidaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi monga m'kalasi.

Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mano akuya pafupifupi mamilimita 8. Mano aja akatsala mamilimita 1.6, tayalalo latha ntchito, ndipo opanga ake adaika timabampu ting'onoting'ono m'kati mwa ngalande zake kuti mano akalingana ndi timabamputo mudziwe kuti basi. Ndiye kuti pa tayala latsopano mukugula mamilimita 6.4 oti muyendere. La kaunjika limene maso athu amati lidakali bwino nthawi zambiri limakhala ndi mamilimita 4, ndiye oti muyendere ndi 2.4 okha. Tingoyerekeza kuti latsopano ndi K160,000 ndipo la kaunjika akukugulitsani theka lake, K80,000. Mitengoyi ndangoikapo kuti samuyo iyende, inu muikepo ya kwanuko. Pa latsopano milimita iliyonse mwaigula K25,000. Pa la kaunjika milimita iliyonse mwaigula kupitirira K33,000. Mwana wa Sitandade 6 akuuzani kuti lotchipa lija ndilo lakudyerani zambiri, ndipo apa sitinawerengere ndalama ya womangitsa tayala, imene mudzailipira kawiri kapena katatu pomwe mnzanu walipira kamodzi.

Kuyeza mano sikulira chipangizo cha patali. Tengani kamtengo ka machesi, mukalowetse m'ngalande ya tayala, mugwire ndi chikhadabo pamene kalekezera, kenaka muyeze pa lula ya mwana wasukulu. Muyeze malo atatu, cha kunja, pakati ndi cha m'kati, chifukwa ogulitsa amakuonetsani mbali imene ili bwino.

Chachiwiri ndi ukalamba. Mphira imakalamba ngakhale tayalalo lisadapondepo msewu. Imauma, imachita ming'alu, ndipo nsalu ndi mawaya a m'kati zimayamba kulekana ndi mphirayo kumene maso sangaone. Ubwino wake tayala lililonse lili ndi chikalata chake cha kubadwa cholembedwa m'mbali mwake. Funani pamene palembedwa DOT, mutsate zilembo zotsatira mpaka mupeze manambala anayi omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mukapeza manambala atatu okha, limenelo ndi la kale chaka cha 2000 chisadafike, musalikhudze nkomwe. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, ndiye litembenuzeni. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 lidziyang'aniridwa ndi wodziwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano alipo. Opanga galimoto ena amati zaka 6 zokha. Ndi kutentha kwa kuno kwathu, ine ndikhoza kutsamira ku zaka 6 zomwezo. Wogulitsa akamakana kuti muwerenge manambalawa, kapena mukaona kuti pamalopo papalidwa, bwererani ndi ndalama zanu.

Pali msampha wina umene anthu ambiri sadaumvepo. Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo matayala ambiri a kaunjika amachokera ku maiko ozizira. Kumeneko kuli matayala opangidwira nyengo ya chisanu choundana. Mphira yake ndi yofewa, idapangidwira kuzizira kosapitirira madigiri 7, ndipo mano ake amakhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota ngati mphini. Amaoneka okongola ndi amano akuya, mwakuti munthu wosadziwa amayamba kusankha omwewo. M'mbali mwake mumakhala kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu, kapena mawu oti STUDLESS, ndipo maina ake ndi monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Tayala lotere mukaliyendetsa pa phula wa ku Ngabu kapena ku Nsanje mwezi wa October, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, limasungunuka ngati sopo ndipo mabuleki sagwira msanga. Mpingo umene walandira galimoto ya mphatso kuchokera kunja uyambe wayang'ana zimenezi usanayambe kuimba nyimbo zothokoza.

Za matayala osema ndiye ndisanene zambiri, ndi kupha anthu basi. Alipo anyamata m'misika amene amatenga tayala ladazi nkulisema ngalande zatsopano ndi mpeni wamoto, kulipaka polishi, nkuliika pamalonda. Kusema kumaloledwa pa matayala ena a malole akuluakulu okha amene adalembedwa REGROOVABLE, chifukwa ali ndi mphira yapadera pansi pa mano. La galimoto yaing'ono kapena la minibasi mukalisema mwafika pa mawaya. Chimodzimodzi tayala lotupa m'mbali ngati chithupsa: nsalu za m'kati zaduka, ndipo palibe chigamba chimene chingachize zimenezo. Chigamba nchoyenera pa kabowo ka msomali kosapitirira mamilimita 6, pamene tayala limapondera pansi, osati m'mbali.

Wina anena kuti aphunzitsi, mukulankhula ngati ndalama ilipo, nanga galimoto ingokhala pamiyala? Ayi. Tayala la kaunjika limene silidapitirire zaka zitatu kapena zinayi, la mano osachepera mamilimita 5 kapena 6, lopanda chigamba m'mbali, limene mwalisuzumira m'kati lisadamangidwe pa limu, likhoza kukuolotsani pa nthawi ya mavuto, bola mtengo wake ugwirizane ndi samu ija. Chimene ndikukana ndi kugula mwa chikhulupiriro, dalaivala yekha kupita ku tauni ndi ndalama za mpingo nkubwera ndi chimene wapatsidwa. Safunsa adadya phula.

Posankha latsopano, musayambe ndi dzina la kampani, yambani ndi manambala amene opanga galimoto adalemba pa kachikwangwani kamene kamakhala pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Minibasi ndi mapikapu ambiri amafuna matayala olembedwa C kapena LT kumbali, monga 195R15C. Amenewa ali ndi nsalu zolimba zosenzera katundu. Nambala yotsatira imanena kulemera kumene tayala limodzi lingasenze: 88 ndi makilogalamu 560, 91 ndi 615, 100 ndi 800, 106 ndi 950. Ndaonapo pikapu itamangidwa matayala a galimoto yaing'ono chifukwa choti adakwana pa limu ndipo adali otsikirapo mtengo. Kukwana pa limu si kukwana pa ntchito. Nsapato ya mwana wamkazi ikhoza kumkwana mlimi, koma sangalimire nayo dimba.

Ndipo ngakhale tayala likhale loyenera, katundu ali ndi malire. Pikapu ya tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, pamenepo musadawerengere anthu. Ife pa masika timaikapo matumba 30, pamwamba pake akuluampingo anayi ndi mbuzi. Tikatero tisamati Satana waphulitsa tayala.

Tsopano ndifike pa mpweya, pamene ndikuona kuti ndalama zambiri zikutayikira, pomwe mankhwala ake ndi otchipa kuposa onse. Madalaivala athu amayeza mpweya ndi chidendene. Amalimenya tayala kawiri nkunena kuti lili bwino. Matayala a masiku ano sangayezedwe choncho, likhoza kuperewera mpweya kwambiri koma nkumaoneka lokhuta. Komanso tayala lililonse, ngakhale losaponja, limataya mpweya pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Tayala loperewera mpweya limapindikapindika m'mbali poyenda, ndipo kupindikako kumabala kutentha, monga mmene waya amatenthera mukamaupinda uku ndi uku kufuna kuudula. Kutenthako ndiko kumalekanitsa mphira ndi mawaya, kenaka chikopa cha pamwamba chimasendeka galimoto ili pa liwiro. Zimenezi si nthano. M'chaka cha 2000 ku America kampani ya Firestone idaitanitsa matayala okwana 6.5 miliyoni kuti abwezedwe, ambiri a iwo a pa galimoto za Ford Explorer, atayamba kusendeka pa msewu, ndipo anthu opitirira 200 adafa. Makampani awiriwo adalozana zala, wina nkumati vuto ndi kapangidwe ka tayala, wina nkumati mpweya umene udalangizidwa udali wochepa, koma chodziwika nchakuti ngozi zambiri zidachitikira ku madera otentha. Ngati zidatero kwa eni ake okhala ndi misewu yosalala, kuli bwanji ife?

Tsono mpingo ugule geji yoyezera mpweya ndi pampu ya phazi, zizikhala m'galimoto momwemo. Mtengo wake sufika ngakhale pa theka la tayala limodzi. Mpweya uyezedwe m'mawa galimoto isadayende, kamodzi pa masabata awiri ndiponso pa tsiku la ulendo wautali. Muyeso woyenera ndi wa pa kachikwangwani ka pa chitseko kaja, ndipo kamanena muyeso wina galimoto ikakhala yopanda katundu, wina ikasenza. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire oti musapitirire, si muyeso wa tsiku ndi tsiku. Mageji ena amawerenga mwa psi, ena mwa bar, ena mwa kPa, ndipo 2.2 bar ndi chimodzimodzi 220 kPa kapena pafupifupi 32 psi. Chimodzi ndichenjeze: mukaima pa ulendo nkupeza kuti mpweya wakwera chifukwa matayala atentha, musauphwetse. Umenewo ndi mkhalidwe wake, akazizira ubwerera. Mukauphwetsa ndiye kuti mawa m'mawa mudzanyamuka ndi tayala loperewera. Amene amachepetsa mpweya kuti adutse pa mchenga wa ku nyanja kapena m'matope sakulakwa, koma apope asadakwere pa phula.

Tayala limanena lokha chimene chikulivuta, monga kope la mwana limanenera ngati kunyumba kuli mtendere. Likadyeka pakati pokha, mpweya ukumachuluka. Likadyeka m'mphepete zonse ziwiri pakati nkutsala, mpweya ukumachepa kapena katundu akumachuluka. Likadyeka mphepete imodzi yokha, miyendo ya galimoto yapotoka, kawirikawiri chifukwa chogwa m'maenje, ndipo mufunika kukaongoletsa ku galaja imene ili ndi makina a alayimenti. Likadyeka mwa zigambazigamba, mashokapu atha kapena tayala silidaikidwe timiyala tolinganiza kulemera. Kumanga tayala latsopano pa galimoto yopotoka miyendo kuli ngati kuthira madzi m'dengu. Ndidaonapo matayala awiri atsopano akutsogolo atadyeka mpaka mawaya mbali ya m'kati pasadathe miyezi inayi, kunja akuoneka ngati a dzulo, komiti nkumakangana kuti adagulitsidwa achinyengo. Sadali achinyengo. Ndalama ya alayimenti ndiyo idaoneka ngati yongotaya pa tsiku logula.

Kusinthanitsa matayala nakonso ambiri sachita. Matayala anayi sadyeka mofanana. Pa galimoto zing'onozing'ono zimene zimakoka ndi kutsogolo, akutsogolo ndiwo amakoka, amakhota ndiponso amagwira mabuleki kwambiri, ndiye amatha msanga akumbuyo adakali bwino.  Pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse, kapena kuti tisavutike kukumbukira, nthawi imene mukusintha oyilo, matayala asinthane malo. Pa galimoto yokoka ndi kutsogolo, akutsogolo abwerere kumbuyo mbali yawo yomweyo, akumbuyo apite kutsogolo mopingasa, la kumanzere lipite kumanja, la kumanja lipite kumanzere. Pa pikapu, minibasi ndi galimoto zokoka ndi kumbuyo kapena miyendo yonse, akumbuyo apite kutsogolo mbali yawo yomweyo, akutsogolo abwerere kumbuyo mopingasa. Koma yang'anani kaye m'mbali: tayala limene lili ndi muvi ndi mawu oti ROTATION lidapangidwa kuti lizizungulira njira imodzi, limenelo lisaoloke mbali, lingosinthana ndi linzake la mbali yomweyo. Mukatha kusintha, konzaninso mpweya, pakuti muyeso wa kutsogolo ndi wa kumbuyo umasiyana pa galimoto zambiri. Manati amangidwe modumphitsa, osati motsatana, ndipo ayesedwenso mutayenda makilomita 50 kapena 100.

Apa pali mfundo imene ndikudziwa kuti madalaivala anditsutsa. Ndalama ikakwana matayala awiri okha, pafupifupi aliyense amati atsopanowo apite kutsogolo poti ndiko kuli chiwongolero. Opanga matayala amalangiza zosiyana: atsopano apite kumbuyo. Chifukwa chake nchakuti pa msewu wonyowa, akutsogolo akaterereka dalaivala amamva m'manja ndipo akachotsa phazi pa moto galimoto imagwiranso msewu. Akumbuyo akaterereka, thako la galimoto limapita kutsogolo, ndipo ndi madalaivala ochepa amene angaibweze. Izi sizikutanthauza kuti kutsogolo kukhale madazi. Ngati akalewo atsala mamilimita osafika 3 ndipo mvula ili pafupi, onse anayi ndi ofunika kuchoka, chifukwa ngalande zija ntchito yake ndi kuthawitsa madzi, ndipo zikafupika tayala limayandama. Pa ekiselo imodzi pasakhale matayala osiyana kukula kapena mtundu.

Sipeya nayo ndi tayala, ipopedwe pamodzi ndi anzake. Galimoto zambiri za ku Japan zimabwera ndi kasipeya kowonda kamene kamafuna mpweya wochuluka, 60 psi, ndipo sikayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola. Nkongokufikitsani pa wokonza matayala, osati koyendera mwezi wathunthu monga tikuonera. Zina sizibwera ndi sipeya nkomwe. Amene amatumikira ku midzi ya kutali ndi msewu wa phula agule limu ndi tayala lathunthu lachisanu.

Pempho langa kwa masesheni, makhonsolo a matchalitchi ndi makomiti a sukulu ndi ili. M'galimoto mukhale kope la masamba 40 lomwe lija la ana asukulu. Mulembedwe tsiku limene tayala lililonse lidagulidwa, manambala anayi a kubadwa kwake, makilomita a galimoto pa tsikulo, ndi tsiku lililonse limene mpweya wayezedwa kapena matayala asinthanitsidwa. Msungichuma aziliona kopelo mwezi ndi mwezi monga amaonera buku la chopereka. Pakatha zaka ziwiri mudzadziwa ndi manambala, osati ndi mphekesera, kuti ndi mtundu uti wa tayala umene umapirira msewu wa kwanuko, ndipo wogulitsa sadzakunamizaninso. Chinanso, aliyense wobwereka galimoto timamuuza kuti athire mafuta basi, ngati kuti matayala sadyeka pa ulendo wake. Gawani mtengo wa matayala anayi ndi makilomita amene matayala apitawo adayenda, mupeza ndalama ya pa kilomita imodzi. Imeneyo iziperekedwa pamodzi ndi ya mafuta, isungidwe payokha, isabwerekedwe pa zina. Pa maliro ndi pa matenda mpingo ukhoza kukhululuka, ndi ntchito yake, koma pa ukwati ndi pa kututa fodya ayi.

Kwa eni minibasi ndi matola ndili ndi mawu ochepa. Lamulo limafuna kuti galimoto ikayezedwe ndi kulandira COF, ndipo matayala ali m'gulu la zoyezedwa. Khalidwe lobwerekana matayala abwino pa tsiku lokayezetsa, nkuwabweza madzulo ake, ndi kunamiza pepala, msewu simungaunamize. Ifenso okwera tili ndi maso. Tisadakwere tiziyang'ana pansi, ndipo tikaona mawaya ali pamtunda tidikire ina, ngakhale kondakitala atinene kuti ndife amantha. Akabaza a njinga zamoto nawo amve, pakuti iwo matayala ndi awiri okha ndipo palibe lina lothandiza likaphulika limodzi.

Matayala otha aja musawaunjike kuseri kwa tchalitchi kapena kwa nyumba ya abusa. Amasunga madzi a mvula ndipo udzudzu umaswana momwemo. Apatseni osoka nkhwaila, kapena muwaboole pansi, muthiremo dothi, ana a Sande sukulu adzalemo maluwa. Limu yopindika ipite ku sukulu yapafupi, ambiri aife tidaitanira ana m'kalasi ndi belu lotero kwa zaka zambiri ndipo limamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.